Dimu ikuyaka, fulu yakana: mavuto a nyali zatsopano pa mavaneti a m'makomboni a Lusaka

Cha m'ma 4 koloko m'mawa, anthu ambiri mu Lusaka akadali m'tulo, msewu wa Mumbwa ndi wa Los Angeles imakhala itadzuka kale. Mavaneti odzaza tomato, repu, kabichi ndi anyezi amathamangira ku msika wa Soweto kuti akapeze potsitsira katundu opikula asanachuluke. M'mphepete mwa misewu yomweyo mumayenda amayi a ku Kanyama atasenza mabeseni, anyamata okankha mawilibala, ogwira ntchito m'mafakitale, ndi apanjinga opanda nyali. Moyo wa onsewa uli m'manja mwa chinthu chimene alibe nacho mphamvu: nyali ziwiri za kutsogolo kwa galimoto imene ikubwera.

Sindingamuimbe mlandu dalaivala amene akufuna kuona bwino usiku. Misewu yambiri ya m'kati mwa Chawama, George ndi Kanyama ilibe magetsi a mumsewu, ndipo pamene alipo sayaka masiku onse. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema kulengeza kuti dziko lili pa tsoka, panali miyezi imene ZESCO inkathimitsa malaiti maola ochuluka kuposa amene inkayatsa. Ngakhale kakuwala ka m'tuntemba ndi m'mabala, kamene kamathandiza kuona munthu m'mbali mwa msewu, kanasowa. Kunja kwa tauni nako kuli zake: lole yofera pakati pa msewu yongoikiridwa nthambi za mtengo, ng'ombe, maenje. Ndipo mavaneti ambiri ogwira ntchito m'makomboni ndi okalamba, ma Toyota Hilux, Isuzu KB ndi Nissan Hardbody amene anadutsa m'manja ambiri, magalasi a nyali zake atachita chikasu ndi dzuwa kalekale.

Choncho mwini vaneti akapeza kangachepe amalowa m'tauni, m'mashopu a masipeya a mu Freedom Way kapena Cha Cha Cha Road, n'kugula mababu a LED a m'kabokosi konyezimira, kapena nyali yathunthu yokhala ndi diso la pulojekita ndi mzere woyera wozungulira. Wa mawaya wa pansi pa mtengo ku Matero amamanga masana, n'kuyatsa, nyali mbee, onse n'kukhutira. Vuto limadzatulukira usiku woyamba pa Great East Road kapena pa msewu wa Kafue, dalaivala akakankha kandodo ka pa chiwongolero kuti aike fulu bimu. Kwa wina palibe chimasintha. Kwa wina kuwala kumachepa m'malo mowonjezeka. Kwa wina nyali zonse ziwiri zimazima, mdima bii, galimoto ili pa liwiro. Kukacha amabwerera ku galaja ndi mawu amene amisiri a m'komboni anawazolowera: dimu ili che bwino, manje fulu yakana.

Nthawi zambiri nyali yatsopanoyo imakhala yamoyo, galimoto nayonso yopanda matenda. Kungoti ziwirizi zinapangidwa ndi anthu amene ankaganiza mosiyana za njira imene moto uyenera kudutsa, ndipo palibe anakhala pansi kuzigwirizanitsa. Vuto lotere limapezeka ndi tesita ya babu limodzi komanso kuleza mtima. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi njira zachidule zimene mmisiri amathamangira akalephera kulipeza, chifukwa zimenezo zimakavulaza munthu amene sanagule nawo nyaliyo.

Mmisiri wodziwa ntchito sayamba ndi kudula waya. Amayamba ndi funso: yakana mbali imodzi kapena zonse ziwiri? Ikakhala mbali imodzi, amasinthanitsa mababu, lakumanzere kupita kumanja. Vuto likasamuka pamodzi ndi babu, babulo ndilo loipa, libwerere kumene linagulidwa. Likatsala mbali yomweyo, amayang'ana fyuzi, pakuti magalimoto ena ali ndi fyuzi ya fulu payokha mbali iliyonse, kenako pulagi ndi ethi. Zikakana zonse ziwiri, amabwezeretsa mababu akale a halojeni n'kuyesanso. Akayaka bwino pa dimu ndi pa fulu, ndiye kuti swichi, rileyi ndi mawaya a galimoto zilibe vuto, nkhani yonse ili pa katundu watsopanoyo. N'chifukwa chake mababu akale sayenera kutayidwa tsiku lomanga atsopano. Akulungidwe m'kansalu koyera n'kusungidwa m'galimoto, ndipo galasi lake lisagwiridwe ndi zala, poti mafuta a m'manja amapsereza babu msanga.

Pali kayesedwe kena kosalira chida. Kandodo ka magetsi kali ndi njira ziwiri zoyatsira fulu: kukakokera kwa iwe pofuna kuphethira mnzako pamsewu, ndi kukakankhira kutsogolo kuti fulu ikhale choyaka. M'kati mwa swichi njira ziwirizi zimadutsa pa tizitsulo tosiyana. Ngati pokoka ikuyaka koma pokankha ikukana, nyali zisiyeni kaye, nthawi zambiri zilibe mlandu. Tizitsulo ta m'swichi tapsa kapena tada. Kawirikawiri chimene chinatiwotcha ndi mababu a mawati 100 amene wina anaikamo kale pofunafuna kuwala komweku. Babu loyenera la mawati 60 limakoka pafupifupi maampu 5, pamene la mawati 100 limakoka oposa 8. Awiri pamodzi amadutsitsa maampu oposa 16 pa tizitsulo timene tinapangidwira 10. Umboni wake umaoneka pa pulagi ya kumbuyo kwa nyali: pulasitiki yosungunuka, mabowo akuda, zitsulo zolefuka zosagwira miyendo ya babu. LED yatsopano ikalowa mu pulagi yotere imayaka pamene yafunira, ndipo bampu iliyonse ya msewu wa Chifundo ku Chawama imaizimitsa.

Koma pamene amisiri ambiri amatayika ndi pa Toyota. Babu la H4, limene lili m'mavaneti ambiri akale, lili ndi tiwaya tiwiri m'galasi limodzi, ka dimu ka mawati 55 ndi ka fulu ka mawati 60, ndipo kumbuyo kwake kuli miyendo itatu. Umodzi ndi wa dimu, wina wa fulu, wachitatu amagawana. M'magalimoto ambiri mwendo wogawanawo ndi ethi, umapita ku chitsulo cha bodi, ndipo swichi imatumiza moto wa pozitivi ku dimu kapena ku fulu. Pa ma Hilux ndi ma Land Cruiser ambiri akale, Toyota inatembenuza. Mwendo wogawana ndiwo umalandira pozitivi nthawi yonse imene nyali zayatsidwa, ndipo ntchito ya swichi ndi kusankha kawaya koti kapatsidwe ethi. Babu la halojeni lilibe nazo kanthu. Moto ulowere uku kapena uko, limayaka basi. Ndiye munthu akhoza kugwira ma Hilux zaka zambiri osazindikira kusiyanaku. LED ndiyo imalola moto kudutsa njira imodzi yokha. Alipo mababu a LED amene anapangidwa kuti alandire mawaya a mtundu uliwonse, koma otchipa ambiri, ndi nyali zathunthu zambiri, zimayembekeza kuti mwendo wogawana ndi ethi. Zikamangidwa pa Hilux yotere, zina siziyaka n'komwe, zina zimayaka mbali imodzi ya swichi n'kukana inayo.

Ku Kalingalinga, chakumbuyo kwa akalipentala ndi owotcherera mageti a m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, ndinaonerera mdala wina wa mawaya akufufuza zimenezi pa Hilux yoyera yonyamula mabuloko. Anayamba wazula mapulagi onse awiri, chifukwa babu limodzi likatsala cholumikizidwa, moto umabwerera kudzera m'kawaya kake n'kunamiza tesita. Anapana tesita ku negetivi ya batire, n'kuuza mwini galimoto ayatse nyali. Analasa nsonga m'mabowo atatu a pulagi, limodzi limodzi. Bowo loyamba linayatsa tesita pa dimu, n'kuiyatsanso pa fulu; awiri enawo zii. Kenako anasamutsira chopanira ku pozitivi ya batire n'kubwerezanso. Tsopano bowo lachiwiri linawalitsa tesita pa dimu, lachitatu pa fulu. Mdalayo anapukuta manja pa ovololo n'kumuuza mwini galimotoyo kuti nyali zake n'zamoyo, galimoto yake ndi ya mtundu umene swichi imadula ethi. Zonsezi sizinatenge nthawi yoposa yowiritsira tiyi, ndipo panalibe waya ngakhale umodzi wodulidwa.

Mankhwala ake ndi marileyi awiri, imodzi ya dimu, ina ya fulu, kaya ogula olumikizalumikiza kale oyenerana ndi Toyota, kaya omangidwa ndi mmisiri pamanja. Pulagi yakale ya galimoto imasiya kudyetsa babu. Imangotsala ndi ntchito youza rileyi kuti tsopano tsegula, tsopano tseka. Moto weniweni umachokera ku batire pa waya wokhuthala, kudutsa pa fyuzi yoikidwa pafupi ndi batire lenilenilo, n'kufika ku nyali molunjika mmene LED ikufunira. Ethi imamangidwa pa chitsulo chopalidwa mpaka kuyera, osati pa utoto kapena dzimbiri. Phindu lake lina ndi lakuti swichi ya pa chiwongolero, imene n'njodula ndiponso yovuta kuipeza yabwino, imapuma.

Apa pali mfundo imene ndikanakonda eni mavaneti akanaidziwa asanatulutse ndalama m'thumba. Babu la halojeni limataya kuwala kwambiri moto ukachepa pang'ono. Mavoti akatsika ndi gawo limodzi mwa magawo 10, kuwala kumachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Injini ikamalira, batire labwino limaonetsa mavoti a pakati pa 13.8 ndi 14.4, koma yezani kumbuyo kwa babu pa vaneti ya zaka 20, mukhoza kupeza voti imodzi kapena ziwiri zatayika m'mawaya okalamba, m'swichi ndi mu ethi yadzimbiri. Galimoto yotere siinkasowa LED. Inkasowa marileyi, ethi yoyera, galasi lopukutidwa chikasu chija, ndi mababu abwino a 60/55. Ambiri amene akulimbana ndi fulu yokana lero akanayambira pamenepa, bwenzi akuona msewu bwino popanda kuvutitsa munthu.

Pa ma Toyota omwewa pali kanthu kena kamene anthu amakapeputsa. Pa dashibodi pali kanyali kabuluu kodziwitsa dalaivala kuti ali pa fulu. M'mitundu yambiri yakale, kanyali kameneka kamalandira moto wake kudzera m'kawaya ka dimu ka m'babu la halojeni: fulu ikayaka, moto wochepa kwambiri umadutsa m'kawaya ka dimu kamene kazima, n'kukayatsa kabuluu. Mukachotsa halojeni, njira imeneyo yatsekeka, kabuluu kamafa. Mmisiri wosamala amaika rezisita yoyenera pakati pa mwendo wogawana ndi wa dimu, n'kuimangirira pa chitsulo kutali ndi pulasitiki popeza imatentha. Wosasamala amati kanyali kokha, sikayendetsa galimoto. Komatu popanda kanyaliko dalaivala amachoka pa msewu wa Mumbwa n'kulowa m'Kanyama ali pa fulu osadziwa, mpaka wina amuphethire.

Nyali zathunthu za pulojekita zili ndi khalidwe lakelake, ndipo ndizo zimabweretsa mdima woopsa uja. M'mapulojekita ambiri gwero la kuwala ndi limodzi. Kutsogolo kwake kuli kachitsulo kotchinga mbali ina ya kuwala kuti pakhale dimu. Fulu ikafunika, kamaginito kamagwetsa kachitsuloko, kuwala konse n'kutuluka. Kuti zimenezi zitheke, gwero la kuwala liyenera kukhalabe choyaka pa fulu. Koma galimoto ya H4 inaphunzitsidwa kuzimitsa dimu fulu ikayaka, kuti tiwaya tiwiri tisatenthe pamodzi m'galasi limodzi. Ndiye dalaivala akakankha kandodo, kachitsulo kamagwa bwinobwino, koma babu limene kamatchinga lazima. Chizindikiro chake chimamveka ndi khutu: injini itazima, imani pafupi ndi nyali, wina akankhe kandodo. Mukamva kuti "tiki" koma kuwala n'kusowa, kamaginito kali moyo, chimene chikufunika ndi rileyi kapena dayodi yosunga dimu choyaka pa fulu. Mukapanda kumva kanthu, kawaya ka maginito sikanalumikizidwe, kapena kachitsulo kamatirira ndi fumbi. Amene anaika mababu a HID adziwenso kuti mtundu umenewu umatenga masekondi angapo kuti uwale mokwana, ndipo kuuzimitsa n'kuuyatsa pafupipafupi kumaupha; suyenera kukhala pa fulu yoyaka payokha.

Mavaneti atsopano, monga Ford Ranger ya kuyambira 2011, nyali zake zimalamulidwa ndi kakompyuta ka m'galimoto kamene kamayeza moto umene babu likukoka. LED imakoka wochepa, ndiye kakompyuta kamaganiza kuti babu lapsa. Nyali imaphethiraphethira kapena kudulidwa moto. Pamenepa pamafunika kachipangizo koyenerana ndi galimotoyo, ndipo tesita ya babu isalaswe mwachisawawa m'mawaya opita ku kompyuta. Kuwotcha bokosi limenelo ndi ndalama zoposa mtengo wa nyali kangapo.

Kenako pali fumbi ndi madzi, zimene wopanga babu kutali uko sanaziganizire. LED imatenthera kumbuyo, ndipo ambiri mwa mababuwa ali ndi kafani kakang'ono koziziritsa. Fumbi la Ogasiti ndi Seputembala m'misewu ya George limakatseka, babu n'kutentha, n'kudzichepetsa lokha kuwala kapena kuzima. Ndiye mukamva wina akudandaula kuti fulu imayaka ponyamuka koma pofika ku Chongwe yafooka, yambirani pa kafani. Chinanso, matako a LED ndi aakulu, sakwana m'chivundikiro cha labala cha kumbuyo kwa nyali, ndipo amisiri ambiri amangochitaya. Ikafika Januwale, madzi atasefukira m'Kanyama monga amachitira chaka ndi chaka, nthunzi ndi matope zimalowa pamenepo, mbale yonyezimira ya m'kati n'kuchita chifunga mpaka kalekale. Chivundikirocho chibooledwe mwaluso kapena chipezeke chachikulu, koma pasakhale pululu. Eni ma Canter akumbukire kuti ambiri mwa malole ang'onoang'ono amenewa ndi a mavoti 24. Babu la 12 limapsa pomwepo.

Tsopano njira zachidule zija. Mmisiri akatopa, dzuwa likulowa, mwini galimoto akuti ba mudala fulumirani ndili ndi katundu mawa, amasenda waya wa dimu ndi wa fulu n'kuwapota pamodzi ndi tepi. Nyali zimawala koopsa, mwini n'kulipira akumwetulira. Galimoto imeneyo ilibenso dimu. Wina amakoka waya kuchokera ku batire, wopanda fyuzi, kudutsa pabowo lakuthwa la chitsulo, mpaka pa kaswichi kobooledwa pa dashibodi. Tsiku limene waya ameneyo adzakhulike pa bodi, moto udzayambira pansi pa miyendo ya dalaivala. Winanso amasiya fulu yakufayo n'kumanga chinyali chachitali cha LED pa bampa kapena padenga, choyenera kutchire, n'kumayenda nacho choyaka pa Commonwealth Road pakati pa Matero.

Munthu wobwera kutsogolo akathobwa m'maso, chimene amayamba kutaya si galimoto imene yamuthobayo, poti imeneyo akuiona bwino. Amataya m'mphepete mwa msewu kumanzere kwake, kumene kuli mayi wobereka mwana, wanjinga wonyamula makala, mwana wotumidwa ku kantemba. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, galimoto imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi. Masekondi atatu osaona bwino ndi mamita 50 oyenda mongoganizira, ndipo maso a munthu wachikulire amachedwa kuposa pamenepo kuti abwerere mwakale. Ndinaimapo madzulo m'mbali mwa Los Angeles Road ndikudikira kuwoloka, vaneti ya nyali zoyera ngati zowotcherera itaima m'mzere wa magalimoto. Minibasi imene inkachokera mbali inayo inadutsa pafupi kwambiri ndi ife odikira kuwoloka, ndipo ndikhulupirira kuti dalaivala wake sanatione. Ziwerengero za apolisi m'zaka zaposachedwapa zikuonetsa kuti anthu oposa 2,000 amafa pa misewu ya Zambia chaka chilichonse, ndipo gulu lalikulu mwa iwo ndi oyenda pansi. Bungwe la WHO mu 2023 linati padziko lonse amafa ndi 1.19 miliyoni pachaka, oposa theka ali oyenda pansi, apanjinga ndi a njinga zamoto. Sikuti onsewa anaphedwa ndi nyali zothoba. Koma mu mzinda umene anthu ambiri amakhala m'makomboni ndipo amapita ndi kubwera ku ntchito wapansi kuli mdima, nyali yosatha kutsika si nkhani ya mwini galimoto yekha.

Ngakhale mawaya atakhala bwino, babu la LED m'nyali yopangidwira halojeni likhoza kuthoba anthu. Mbale yonyezimira ya m'nyali inapindidwa molingana ndi malo enieni a kawaya ka halojeni, ndipo pansi pa kawaya ka dimu pali kachipewa kachitsulo koletsa kuwala kukwera m'mwamba. Kuika gwero la kuwala la msinkhu wina pamenepo kuli ngati kuvala magalasi a maso a munthu wina: magalasiwo ndi abwino, maso ndi abwino, koma zinthu siziwoneka. Kuwala kumamwazikira m'mitengo ndi m'maso mwa anthu, pansi pa bampa n'kuyera mbee, dalaivala n'kumaganiza kuti akuona kwambiri chonsecho patali, pamene fulu imafunika, pali mdima. Mababu abwinoko amayesa kutsanzira malo a kawaya, koma nawonso amafuna kukhazikidwa molondola: timaso ta LED tiyang'ane kumanzere ndi kumanja, kachipewa kakhale pansi. Likalowa chozondoka, kuwala kwa dimu kumakwera, kwa fulu n'kuoneka ngati kwatsika. Ku Britain vutoli analitenga mozama moti kuyambira 2021 magalimoto ambiri opezeka ndi babu la LED kapena HID m'nyali ya halojeni amalephera mayeso a chaka ndi chaka.

Pa nyali zathunthu pali msampha wina umene ngakhale ogulitsa ambiri saudziwa. Zambia, monga Malawi, Mozambique, Zimbabwe, South Africa ndi Japan, imayenda kumanzere. Dimu yoyenera kuno imadulidwa mopingasa kumanja, kumene kukubwera anzathu, n'kukwera pang'ono kumanzere kuti iunikire zikwangwani ndi oyenda m'mphepete. China, Dubai ndi America amayenda kumanja, ndipo nyali zopangidwira misika imeneyo zimakwera kumanja. Hilux imagulitsidwa m'maiko a mbali zonse ziwiri, choncho nyali ya kumeneko imalowa pa bodi ya kuno popanda kukana, mabawuti onse n'kugwira. Koma usiku mbali yokwerayo imalunjika pankhope ya dalaivala wobwera kutsogolo, pamene kumanzere kumene kuli anthu kwatsala mdima. Palibe kusintha kwa sikuluwu kumene kungachize zimenezi. Musanagule, yang'anani pagalasi kapena pa bodi ya nyali. Yovomerezeka motsatira malamulo a United Nations imakhala ndi chilembo E ndi nambala m'kabwalo, monga E43 ya Japan kapena E47 ya South Africa, ndipo pafupi pake pakhoza kukhala kamuvi. Kamuvi koloza kudzanja lanu lamanja mutaima moyang'anizana ndi nyaliyo katanthauza kuti ndi ya misewu yoyenda kumanzere. Ka mitu iwiri, imasinthika mbali zonse. Popanda kamuvi, ndi ya maiko oyenda kumanja. N'zoona kuti opanga katundu wa gong'a amadindanso zilembo zimenezi, n'chifukwa chake mboni yomaliza ndi khoma.

Kuyesa pakhoma sikulira ndalama, kumangofuna mdima ndi malo osalala, zimene m'komboni zimapezeka pa filing'i sitesheni kapena pabwalo la tchalitchi. Yandikitsani vaneti pakhoma, lembani ndi choko kapena khala msinkhu wa pakati pa nyali iliyonse, kenako bwererani m'mbuyo molunjika mamita 10. Pa dimu payenera kuoneka mzere woonekera bwino wolekanitsa kuwala ndi mdima, uli pansi pa chizindikiro chanu ndi masentimita 10 mpaka 15, ukukwera chakumanzere. Nyali zambiri zinalembedwa kale muyezo wake, monga 1.0% kapena 1.2%, kutanthauza masentimita 10 kapena 12 pa mamita 10. Pa fulu, pakati pa kuwala pakwere kufika pa chizindikiro chija, ndipo kabuluu kayake pa dashibodi. Ngati pakhoma palibe mzere, pali chimtambo choyera chokha, babu limenelo siliyenerana ndi nyaliyo, zivute zitani. Ndipo vaneti ndi galimoto ya katundu. Mukasanja matumba a makala kapena mabokosi a tomato kumbuyo, matako amatsika, mphuno n'kudzuka, dimu imene inali bwino ili yopanda kanthu n'kusanduka fulu kwa wobwera kutsogolo. Amene galimoto yake imayenda yolemedwa usiku aiyeze ili yolemedwa. Zina zili ndi kagudumu pa dashibodi kolembedwa 0, 1, 2, 3 kotsitsira nyali. Ntchito yake ndi imeneyi, ndipo pogula nyali yatsopano funsani ngati kagudumuko kazigwirabe.

Boma limadziwa kuti usiku ndi woopsa. Mu 2016 linafika poletsa mabasi a maulendo ataliatali kuyenda pakati pa 21:00 ndi 05:00. Koma wa tomato sangadikire dzuwa, ndipo mayi wa ku Mtendere wopita kukapikula sangasiye kuyenda mbandakucha. RTSA, imene inakhazikitsidwa pansi pa lamulo la pamsewu la 2002, imaona nyali pa mayeso a fitinesi, ndipo pempho langa n'lakuti kuonako kusamathere pa funso lakuti ikuyaka kapena ayi. Nyali iyezedwe kumene ikuloza, mbali imene ikukwera, ndi ngati ikutsika dalaivala akaitsitsa. Oitanitsa masipeya kunja afunse mbali ya msewu asanadzaze kontena. Masukulu a zaumisiri a pansi pa TEVETA ali ndi mwayi wofikira amisiri a m'makomboni amene anaphunzira ntchito poonera, aluso m'manja koma osauzidwapo kuti Toyota imadula ethi; phunziro limeneli ndi la tsiku limodzi.

Kwa inu amene muli ndi vaneti ndipo fulu yakana: musalole waya aliyense kudulidwa mababu akale asanabwezeretsedwe n'kuyesedwa, ndipo musalole waya wochokera ku batire wopanda fyuzi. Ntchito ikatha masana, gwirizanani ndi mmisiri kuti ndalama yotsala mumupatsa kukada, galimoto itaima pakhoma. Mzere ukaoneka, galimoto ichoke pakhomapo, mnzanu akhale pa chiwongolero, inu muyende masitepe 30 kutsogolo chakumanja kwa galimoto, kumene amadutsa wobwera kutsogolo, muwerame kufika msinkhu wa munthu wokhala m'galimoto yaing'ono, n'kuyang'ana nyali zanu zili pa dimu. Ngati maso anu akukana kuziyang'ana, bwererani nayo ku galaja usiku womwewo.